Msana wa amayi unkadikira mawu a amalume

Amayi anga anayamba kufupika chaka chachiwiri titabwerera kwathu kuchokera ku Malawi. Sindikunena kuwerama kwa ukalamba kumene aliyense amakudziwa ayi, ndikunena kufupika kwenikweni. Kapulana amene ankawalekeza mu akakolo anayamba kukwekwereza pansi, ndipo mlandu anaugwetsera pa ine.

"Wandisinthira nsalu iwe. Wanga sanali wamtali chonchi."

"Nsalu ndi ziwiri zokha m'nyumba muno, amayi. Ndisinthe ndi iti?"

"Ndiye wangokula yekha?"

Tinaseka, iwo n'kupindira kawiri m'chiuno, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikanakhala ndi nzeru za lero ndikanachita mantha tsiku lomwelo.

Tinathawa nkhondo tili anthu asanu ndi awiri, tinabwerera awiri. Bambo tinawasiya m'manda kufupi ndi Chiponde. Mlongo wanga wamkulu anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo komweko, wamng'ono anapita ku Joni ndipo kalata yake mpaka lero ikadali m'njira. Mwamuna wanga anapeza mkazi wogulitsa nsomba amene ankamuseketsa kuposa ine, ndipo sindimunena zambiri chifukwa nkhani ino si yake. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anakwatira cha ku Namwera n'kuika makina osokera pakhonde la sitolo. Tsiku limene malole anabwera kudzatitenga, anatiperekeza mpaka pamalire n'kutiuza kuti, "Tsogolani. Mukafolera nyumba ndibwera."

Lole inatitsitsa pa Mandimba ndi khasu, chidebe, mbewu ndi lona. Kuchoka apo tinayenda pansi kulowera mbali ya Itepela, kumene kunali mudzi wathu. Mudziwo tinauzindikira ndi mitengo ya mango basi. Udzu unali utamera mpaka pamene panali chipinda changa, ndipo tinkaponda pokhapokha pamene padutsa mbuzi, kuopa mabomba okwirira. Anthu amene anamanga pafupi nafe ambiri anali achilendo, ena olankhula Chimakhuwa, ena oti anali asilikali ndipo sankafuna kufunsidwa kwawo. Anali anthu abwino ndithu, ankapereka moni, ankabwereka moto, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa dzina la agogo anga.

Nyumba tinamanga awiri. Ine ndinkaumba njerwa, amayi ankamweta udzu kudambo n'kumasenza. Amati mutu umodzi susenza denga, koma ndikuuzeni, mitu iwiri ya akazi nayonso imalisenza ikutukwana. Madzulo ndikatopa ndinkayang'ana kumadzulo, kumene kuli mapiri a malire, n'kudziuza kuti kuseri kwake kuli amalume. Zinkandithandiza. Munthu ukadziwa kuti uli ndi wako penapake, ngakhale sakukupatsa kanthu, khasu limapepuka.

Msana unathyoka koyamba m'mawa wina amayi akudzitwika mtolo wa udzu. Sanagwe mumtengo, sanagundidwe ndi kanthu. Anangowerama, ndipo ndinamva kaphokoso ngati munthu waponda kamtengo kouma. Anakhala pansi pang'onopang'ono, milomo itayera, n'kunena kuti ndi nyamakazi. Ndinawathowa ndi madzi otentha, mayi wina woyandikana nafe anawatema mphini m'mbali mwa msana, ndipo patapita masabata atatu anadzuka n'kubwerera kudambo. Kachiwiri kanachitika akuyetsemula. Ndinawaseka, Mulungu andikhululukire, ndinati ndi munthu uti amathyoka ndi chimfine.

Kachitatu kanawapeza pa swala ya masana. Anagwetsa mphumi pansi monga mwa masiku onse, koma sanadzukenso. Ndinawapeza chogwadira pamkeka, akundiitana chapansipansi kuti anthu asamve. Miyendo inali itachita dzanzi, ndipo mkekawo unali utanyowa. Amayi anga anali munthu waukhondo wosasimbika, woti madzi a swala ankawatunga padera ndi chikho chakechake. Zimene ndinaona pankhope pawo tsiku limenelo sunali ululu wokha, anali manyazi, ndipo zinandipweteka kuposa kulira kwawo.

Amuna a m'mudzimo anagulula chitseko cha mzikiti, pakuti chinali chitseko chokhacho cha matabwa m'mudzi monse, n'kuwanyamulirapo mpaka kumsewu. Ku Mandimba namwino anawagogoda m'mawondo, n'kupukusa mutu, n'kutilembera giya, pepala lotitumiza ku Cuamba kumene kunali makina ojambulira mafupa. Mu shapa, galimoto yonyamula anthu ndi katundu, ndinawagoneka pamatumba a chimanga. Msewu umenewo masiku amenewo unali maenje okhaokha, ndipo dzenje lililonse ndinkalimvera m'dzanja langa, mmene amayi ankalifinyira.

Ku Cuamba dokotala anali wachinyamata, wotopa, wolankhula Chipwitikizi chothamanga. Namwino wina wodziwa Chinyanja ndiye ankatimasulira. Dokotalayo anaimika chithunzi cha mafupa pazenera n'kumaloza ndi cholembera. Anati msana ndi timafupa tosanjikizana, ndipo titatu mwa ito tinali titaphwanyika. Tiwiri tinaphwanyika kale n'kupola tili tophwatalala, n'chifukwa chake amayi ankafupika. Kachitatu ndiko kanali koopsa, chifukwa kachidutswa kake kanabwerera m'mbuyo n'kumapanikiza mtsempha waukulu umene umalamulira miyendo ndi chikhodzodzo.

Ndinafunsa kuti mafupa angathyoke bwanji ndi udzu. Namwino anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukuidziwa nsichi yofumbwa? Kunja imaoneka yabwinobwino, ukaigwira ndi ufa wokhawokha. Amayi ambiri akasiya kusamba mafupa amatero. Kuwonjezera njala imene munadya kuja."

Njira anati zilipo zitatu. Yoyamba ndi kugona chagada, kumwa mankhwala opha ululu ndi olimbitsa mafupa, n'kuvala kolete, chovala cholimba chomanga msana. Imeneyo ikanakwana mafupa awiri oyamba aja, koma singachotse chimene chikupanikiza mtsempha. Yachiwiri anati anangoimva, kumayiko akutali amabaya singano n'kuthira mufupa losweka phala limene limauma ngati simenti, koma kuno kulibe, ndiponso fupa loti lafika kale pamtsempha silithandizika nayo. Yachitatu ndi kung'amba msana, kuchotsa kachidutswa kaja, n'kumangirira mafupa a pamwamba ndi a pansi ndi zitsulo ziwiri ndi maparafuzo, misomali yolowa mopota. Zimenezo zinkachitika ku Nampula, kumene kunali dokotala wa mafupa. Sanatibisire kanthu. Anati parafuzo m'fupa lofumbwa akhoza kukhwepa, ndipo munthu wamkulu chotere akhoza osadzuka ku mankhwala ogonetsa. Koma tikapanda kupita, miyendo ipita ndithu, ndipo nthawi imene tinali nayo inali ya masabata, osati miyezi.

Kenako anatulutsa pepala loti wodwala adinde chala.

Amayi anamvetsera zonse mwaulemu, manja atapinda pachifuwa. Atatha anati, "Muwauze adokotala kuti ndamva ndipo ndathokoza. Koma ine ndili ndi mwini wake. Mpeni sulowa m'thupi mwanga achimwene asananene."

Kwathu mkazi amakhala ndi mwini wake, ndipo mwiniyo si mwamuna wake. Mwamuna ndi wobwera, akhoza kupinda mkeka wake mawa n'kumapita, monga anachitira wanga. Mwini ndi mlongo wako wa bere limodzi. Ameneyo ndiye mwini mbumba, amene amavomera ukwati, amaimira mlandu, amanena kuti wodwala apite naye kuti, ndipo pamaliro ndiye amaloza pokumba. Zikavuta mlandu ndi wake. Namwino zimenezi ankazidziwa, koma anayesabe. Anati lamulo likulola wodwala kudinda yekha, ndipo mwana wawo ali pompano kuchitira umboni.

"Uyu?" anatero amayi, akundiloza ndi milomo. "Amene ndinamupukuta mamina dzana lomweli?"

Ndinali ndi zaka zopitirira makumi atatu, nditakwatiwapo n'kusiyidwa, nditaumba njerwa za nyumba yonse. Ndinapsa mtima, koma sindinatsutse, chifukwa nanenso mumtima ndinkafuna zomwezo. Ndinkaopa kukhala ine wonena kuti pitani, kenako n'kubwerera ndekha pasitima ndi kapulana wawo m'manja. Ndinkafuna munthu wamkulu woti asenze zimenezo.

Ndinapita kumsika n'kupeza bambo wina wa njinga amene ankaoloka malire kukatenga shuga. Ndinamufotokozera sitolo ya ku Namwera, khonde lake, telala wamtali wa ndevu zoyera. Anati asadandaule mayi, Lachisanu ndibwera ndi yankho. Lachisanu linafika lokha.

Masiku amenewo ndi amene sindifuna kuwakumbukira koma ndi amene amabwera okha. Osamalira odwala tinkaphika kuseri kwa chipatala, pansi pa denga la malata. Anzanga ankakhala m'magulu, uyu ndi azakhali ake, uyo ndi apongozi, akusinthana, akukangana, akusekana m'Chimakhuwa chimene ndinkangotolapo mawu awiri atatu. Lamlungu abale awo ankabwera ndi nkhuku ndi nthochi n'kudzaza wodi yonse. Pabedi la amayi pankakhala ine ndekha, ndipo ndinkanamizira kukonza nsalu kuti ndisaoneke ngati ndikudikira munthu. Ndinali wosungulumwa kwambiri, kuposa kumsasa kuja, pakuti kumsasa tonse tinali osowa mofanana.

Namwino uja anandiphunzitsa kuwatsina amayi zala za kumapazi m'mawa uliwonse iwo atatsinzina. Sabata yoyamba ankamva mapazi onse awiri, ankati ndisiye kuwazunza. Sabata yachiwiri chala chachikulu cha kumanzere chinasiya kuyankha. Ndinatumanso uthenga wina ndi mayi wogulitsa nyemba. Sabata yachitatu ndinatsina katumba wa kumanzere mpaka chikhadabo changa chinasiya chizindikiro, amayi ali chitsinzinire, akudikira kuti ndiyambe. Dokotala akadutsa ankayang'ana ine, osati iwo.

Chimene chinkandidabwitsa chinali mtima wa amayi. Ine ndinkathamangira kuchipata ndikangomva belu la njinga, koma iwo sanandifunsepo ndi tsiku limodzi lomwe ngati yankho lafika. Ankangofunsa ngati mango kwathu ayamba maluwa, ndiponso ngati ndinatseka bwino chitseko. Ndinkati ndi kupirira kwa anthu opemphera.

Tsiku limene katumba anasiya kumva, ndinawasiya m'manja mwa mayi wa Chimakhuwa wa pabedi loyandikana ndi lawo, tikumvana ndi manja, n'kukwera shapa ya ku Mandimba. Kuchoka apo ndinakwera njinga kuoloka malire, kenako galimoto ya matola mpaka ku Namwera. Njira yonse ndinkakonza mawu okalipira amalume, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti mauthenga anga anafika koma iwo akuzengereza.

Sitolo ndinaipeza, makina ndinawapeza, ndinawazindikira ndi mwendo wake womangidwa ndi waya. Koma amene ankapalasa anali munthu wina. Nditatchula amalume anasiya kusoka, n'kuvula chisoti, n'kundiperekeza kwa akazi a amalumewo.

Amalume anali atamwalira mvula ziwiri zapitazo, ndi chifuwa. Akazi awo anandigwira manja akulira n'kumati, "Tinatuma uthenga ife, mwanangu. Kodi sunafike? Tinkadabwa kuti bwanji palibe wabwera, ngakhale pa sadaka." Ndinati sunafike. Sindinadabwe nazo, pakuti anganso awiri anali atasochera m'njira yomweyo. Anandilozera mitengo ya kumanda chapatali. Potsanzikana anandipatsa chisoti cha amalume, choyera chopetedwa, kuti ndikawapatse alongo awo.

Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu nthawi yaitali. Zaka ziwiri ndinkayang'ana mapiri aja madzulo n'kumalimba mtima ndi munthu woti ali m'dothi. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndinali nditangoona kumene pazenera la ku Cuamba mmene fupa limathera mwini wake akuyenda osadziwa. Ndinalira amalume, inde, koma kunena zoona ndinkadzilira ndekha. Panalibenso wina woti ndimufunse.

Pobwerera, nditakhala kumbuyo kwa njinga, ndinayamba kuwerengera. Ndikawauza amayi zoona, adzafuna kubwerera kumudzi kukalira, adzafuna sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo adzanena kuti popeza mwini wapita, palibenso wovomera. Pofika pamenepo mwendo wakumanja nawonso udzakhala utapita. Wopalasa njingayo ankandifotokozera za mtengo wa matayala, ine ndikuyeseza bodza kumsana kwake. Chisoti ndinachikulunga m'nsalu n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama.

Ndinafika ku Cuamba tsiku lachitatu masana. Amayi anali chigonere chagada, tsitsi litalukidwa bwino ndi mayi wa Chimakhuwa uja. Ndinagwada pambali pa bedi monga amachitira wobweretsa mawu a akulu.

"Amalume apereka moni. Akuti pitani ku Nampula, madokotala achite ntchito yawo."

Anatembenuza maso okha, pakuti khosi silinkalola. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anatero?"

"Anatero."

"Ali bwanji iwowo?"

"Ali bwino. Mawondo okha ndiwo akuwavuta, n'chifukwa chake sanabwere."

"Akusokabe?"

"Akusoka. Makina omwe aja."

Anabwezera maso kudenga. Kenako anati, "Kaitane wa pepala uja."

Anadinda chala mosazengereza.

Sitima ya ku Nampula inkanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Anatipatsa malo pansi, pakati pa mipando, ndipo amayi anagona pathabwa atavala kolete. Pasiteshoni iliyonse anthu ankathamangira kumazenera ndi anyezi, chinangwa ndi nthochi. Amayi sankaona chilichonse koma denga la sitima ndi miyendo ya anthu, ndiye ndinkawafotokozera mapiri amiyala amene tinkadutsa. Titapitirira theka la ulendo, anandikoka nsalu kuti ndiweramire pafupi.

"Chimene wabisa m'chikwamacho tulutsa. Wakhala ukuchifungatira ngati muli mazira."

Ndinati mulibe kanthu.

"Iwe, ndinakubala ine. Anakupatsa chiyani mlamu wanga, chisoti kapena lumo?"

Ndinatulutsa chisoticho. Anachilandira, n'kuchinunkhiza, n'kuchiika pachifuwa pamwamba pa kolete. Sanalire mokweza. Misozi inkangotsikira m'makutu, ine n'kumaipukuta ndi ngodya ya kapulana.

"Munadziwa liti?"

"Chaka chimene tinkafolera. Mayi wina wa nsomba zouma anandipeza kudambo ndikumweta. Iwe unali utapita ku Mandimba kukatenga mbewu."

"Ndiye osandiuza?"

"Ukanatsala ndi ndani? Ndinkakuona madzulo ukuyang'ana kumapiri. Ndinati musiyeni mwanayu, akhale ndi malume ake."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'maso. Ndinaiwala kuti tili pakati pa anthu. Ndinawafunsa kuti nanga masabata atatu aja, ine ndikuthamangira belu la njinga iliyonse ngati wamisala, mwendo ukufa tsiku ndi tsiku ndikuona ndi maso, ankadikira mawu a ndani?

"Sindinkadikira mawu," anatero. "Ndinkadikira kuti madokotala atope nane andibweze kumudzi. Bambo ako agona m'dziko la eni. Mlongo wako m'dziko la eni. Achimwene m'dziko la eni. Ndinkafuna mmodzi yekha mwa ife agone kwathu. Ndinati miyendo ipite, bola mutu ukagone pafupi ndi mango athu. Ku Nampula ndikafera kumeneko adzandiika ndani? Pakati pa ayani?"

Sitima inaima penapake, mwana wa munthu wina analira, wogulitsa nthochi analowetsa mkono pazenera. Itanyamukanso ndinafunsa chimene chinatsala.

"Nanga mwavomereranji? Munadziwa kuti ndikunama."

"Ndikanati ukunama, ukanandifunsa kuti ndadziwa bwanji." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wogwidwa. Kenako nkhope inasintha. "Komanso ndinakuyang'ana utagwada paja. Munthu wapita yekha mpaka ku Namwera, wapeza manda, wameza maliro, wabwera wouma m'maso kudzanena kuti pitani. Achimwene akanachitanso chiyani choposa pamenepo? Mawu aja ndinawalandira chifukwa anachokera kwa mwini wanga. Koma umve bwino. Mwini amasenza mlandu. Ndikafera uko, undibweze kwathu, kaya pamutu."

Ndinalonjeza. Sindinkadziwa kuti mtembo umakwera bwanji sitima, koma ndinalonjeza.

Ku Nampula anawalowetsa m'chipinda chong'ambira odwala m'mawa wa tsiku lachinayi. Ndinakhala pabenchi kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litadutsa pamutu, chisoti chili m'manja. Pabenchi lomwelo panali banja lina, anthu asanu ndi mmodzi kudikira munthu mmodzi, akugawana mtedza. Anandipatsako, ndinalandira, koma sindinathe kutafuna. Ndinkangoganiza kuti chitseko chija chikatseguka n'kutuluka nkhani yoipa, palibe woti ndidzamuyang'ane n'kunena kuti munavomera ndinu.

Amayi anadzuka. Mawu awo oyamba anali ofunsa ngati ndadya. Dokotala wa mafupa anandionetsa chithunzi chatsopano, zitsulo ziwiri zoyera zitaima m'mbali mwa msana ngati makwerero. Anati fupa linali lofewa kuposa mmene ankaganizira, moti anaika maparafuzo ochulukirapo kuti katundu agawanike. Anati asadzasenzenso kanthu pamutu, ngakhale chikho, ndipo azidya tinsomba ting'onoting'ono ndi minga yomwe. Patapita masiku mwendo wakumanja unapezanso mphamvu, chikhodzodzo chinayambanso kugwira. Wakumanzere unabwerera pang'ono chabe, kulekeza m'bondo. Ndinamufunsa ngati ukanapola tikanabwera msanga. Anakweza mapewa n'kunena kuti mwina. Liwu limenelo ndakhala nalo zaka zonsezi, ndipo sindinapezebe woti ndimupatse, kaya amayi, kaya ine amene ndinadikira masabata atatu kufuna munthu wondisenzera.

Tinabwerera kumudzi mango atayamba kupsa. Amayi anakhala mvula zina zinayi. Ankaswali atakhala pampando, n'kumadandaula kuti mphumi yawo yaiwala fungo la mkeka. Ankayenda ndi ndodo, phazi lakumanzere likukwekwereza, ndipo linkasiya mzere mumchenga kuchoka pakhomo kupita pansi pa mango n'kubwerera. M'mawa ndikamasesa ndinkadziwa paliponse pamene anafika dzulo. Kukazizira ankati zitsulo zikuwaluma, ndipo ankauza ana a anthu oyandikana nafe kuti akawasowetsa mtendere adzawatulutsira waya kumsana. Za pasitima sitinazikambenso. Chokhacho chimene chinasintha n'chakuti akafuna kuchita kanthu, kaya kugulitsa mbuzi kaya kulola munthu kulima m'mphepete mwa munda, ankati, "Kafunseni mwiniwakeyo," akundiloza ndi milomo monga kale. Anthu ankayesa nthabwala.

Anamwalira m'nyengo yokolola, ndi malungo wamba, pamkeka wawo, m'nyumba imene anafolera okha. Amuna atasonkhana ndi makasu, shehe anaima pakhomo n'kufunsa monga mwa mwambo kuti, "Mwini maliro ndani pano, atilozere pokumba?"

Ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndi chizolowezi, munthu sumachisiya msanga. Kumbuyoko kunali khoma ndi ndodo yawo itatsamira.

"Ndine," ndinatero. "Kumbani kumene kumafika mthunzi wa mango madzulo."

Amunawo anayang'anana, pakuti sanamvepo mkazi akuyankha funso limenelo, koma ananyamula makasu n'kupita. Lonjezo la pasitima linakwanira popanda kusenza munthu pamutu. Mbumba yanga inali ya munthu mmodzi, ndipo udindo wanga unathera pomwepo. Pabwalo sindinasese mpaka mvula yoyamba itafafaniza yokha mzere uja.

Tsopano msewu wa ku Cuamba ndi wa phula, ndipo ndimamva kuti phala louma ngati simenti lija linafika m'mizinda ikuluikulu. Ine ndikadali m'nyumba yomweyi, ndinangosintha denga. Chaka chatha ndinamva kaphokoso kumsana ndikutula chidebe, ndinagona masabata awiri n'kudzuka. Kapulana wanga wayamba kukwekwereza pansi. Ndimangomupindira kawiri m'chiuno, pakuti m'nyumba muno mulibe woti ndimunamizire kuti wandisinthira.